Madzi a M'kapu

Lamlungu, 23 Febuluwale

Atitulutsanso ulaliki utangotha. Chaka chachiwiri chino, komabe akatekisiti akangoimirira n'kutikodola, ine manyazi. Anthu akuluakulu osabatizidwa, kundondozana kutuluka m'tchalitchi, mpingo wonse maso pa ife. Enawo atsale alandire Ukaristia, ife tikakhale m'kalasi yakuseri, pa mabenchi a ana, maondo kufika pachibwano. A Makaniko, mnzathu wa m'kalasi, akuti tsiku limene adzaloledwe kutsala mpaka kumapeto adzakhala kutsogolo kwenikweni, miyendo tambalale, aone amene adzawakodole.

Pasaka siili patali. Atithira madzi, atidzoza mafuta, tilandira. Ndikaganiza za madziwo, thupi lonse tsemwe. Tsiku lililonse ku saluni ndimatsuka mitu ya eni ake. Wangawu ukudikira madzi amenewo basi.

Kunyumba Bambo anga afunsa ngati makasitomala anali ambiri. Ndati eya. Bodza la Lamlungu lililonse, lazolowera pakamwa. Nanga ndiwauze bwanji? Abusa opuma, munthu wathera moyo wake wonse kulalikira kuti Aroma anasochera. Maso anawathera ndi shuga, mpingo anausiyira mnyamata wina, atsala ndi wailesi ndi ine. Mwana ndine ndekha.

Nsapato yakumanzere yayasamanso.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Kalasi ya madzulo. Ndafika mochedwa, m'manja mukununkha mankhwala owongolera tsitsi. Madamu, mwini saluni, sanafune kunditulutsa. Ati Mulungu wangayo sadziwa kodi kuti Lachitatu kumadzaza?

Akatekisiti afunsanso funso lawo lija, ati komaliza: alipo amene anabatizidwapo kwina kulikonse, ngakhale ali khanda? Ubatizo ndi umodzi, saubwereza. Wobatizidwa kale ndi madzi, motchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, sathiridwanso, amangolandiridwa mu mpingo. Mayi wina wakweza dzanja monyinyirika, wakumbukira kuti agogo ake anapita naye ku mpingo wina ali kumsana. Amusamutsira benchi lina. Chisoni. Zaka ziwiri zonsezi, mapeto ake osathiridwa.

Ine ndayankha mutu uli m'mwamba. Ku mpingo wa Bambo anga sabatiza makanda. Ulaliki umenewo ndingaunene ndili m'tulo: khanda silidziwa kanthu, kuwaza khanda n'kulisambitsa chabe, munthu azibatizidwa atakula, amire yense ndi nzeru zake. Nthawi yanga itakwana, ndili mtsikana, ndinakana. Ndinali nditatopa ndi kukuwa. Kwathu kuja Mulungu tinkamukuwira ngati wogontha. Bambo sanandikakamize, mpaka lero ndimadabwa, poti ana a eni ake ankawakalipira mpaka alowe m'madzi.

Kuno kwa Aroma anandibweretsa ndi Anesi, kasitomala wanga wakalekale, namwino wopuma, mwezi umene Amayi anamwalira. Anangoti tiye ukakhale chete pang'ono. Ndinalira Misa yonse, palibe amene anandigwira mutu kuti atulutse chiwanda. Lamlungu lotsatira ndinapitanso ndekha.

Lachitatu, 5 Malichi

La Phulusa. Ndinapita m'mawa ndisanalowe ntchito. Ansembe athu ndi a chala chachikulu, mtanda wanga wotakata kuposa wa aliyense. Tsiku lonse makasitomala kundiuza kuti ndada pamphumi. Wina mpaka kutenga thishu kuti andipukute. Ndakana monyada.

Madzulo pageti la kunyumba, ine mwini wake, malovu pachala, kufufuta. Kubisira munthu wosaona! Manyazi ake mpaka pano sakuchoka.

Gasi watsala pang'ono. Mankhwala a Bambo akwera mtengo.

Lamlungu, 9 Malichi

Ku tchalitchi chachikulu, kwa aepiskopi. Ife ndi a m'maparishi ena, khamu. Aliyense ndi mboni yake kumbuyo, dzanja paphewa. Yanga Anesi, mayi wanga wa ubatizo. Atafunsidwa ngati ndine wokonzeka ayankha mokweza kuposa onse, mawu a m'wodi aja oti wodwala aliyense amve. Tsopano sitilinso akatekumeni wamba, akutitcha osankhidwa. A Makaniko suti yobwereka, manja ake afupi, koma kuyenda kwake ngati aepiskopi ndi iwo.

Njira yonse yobwerera mtima mbee. Ndinafuna kuuza kondakitala, kuuza aliyense.

Kunyumba, ndikuwapatsa mankhwala, Bambo anunkhiza m'mwamba. "Saluni yanuyo masiku ano mukufukiza lubani?" Ndati ndi mafuta atsopano a tsitsi. Ati ooh. Ooh wawo wautali uja, wa paguwa. Sanawonjezerepo kanthu.

Lachinayi, 13 Malichi



Azakhali abwera ku saluni kudzalukitsa, mwaulere ngati kale. Mlongo wawo wa Bambo, pakamwa posatseka. Ndikuwerama kuti nditole chipeso, korona yagwa m'thumba la epuloni, pamwendo pawo penipeni. Ainyamula ndi zala ziwiri. Kuseka mpaka kutsokomola, ati mwana wa abusa wathawira kwa Aroma. Ndawapempha kuti asakauze Bambo. Poti zaululika ndawauza zonse, kalasi, Pasaka, ubatizo.

"Ubatizo? Kachiwiri?"

Kenaka dzanja pakamwa. Mochedwa.

Ndasiya kuluka, mutu uli theka. Ndati mutuluka muno chonchi ngati simunena. Anena, monong'ona, choumitsira tsitsi chikulira pambali. Akuti ndinabadwa masiku asanakwane, kamwana kokwana m'dzanja, kosalira. Achipatala anati uyu safika mawa. Azakhali analipo, ndiwo ankadikirira Amayi. Bambo analowa, anandiyang'ana nthawi yaitali, anatenga kapu ya Amayi pakabati, anatunga madzi pampopi, anandithira pamutu. Abusa omwewo, olalikira za owaza makanda. Atatha anauza Amayi ndi azakhali kuti zimenezi zithere m'chipinda momwemo.

Ndafunsa mawu amene ananena. Azakhali ati iwo ankalira, sanamve, anangoona milomo ikugwedera. Kenaka ayamba kubweza, ati mwina ankangondiziziritsa mutu, ndisatengere za munthu wokalamba, ndiiwale.

Ndamaliza kuluka. Mizere yakumanja yakhota, sindinaikonze.

Lachisanu, 14 Malichi

Tulo ayi. Amayi anapita nazo kumanda. Azakhali sanamve. Wodziwa ndi mmodzi, ndamuphikira tiyi m'mawa uno, wandiuza kuti wachepa mkaka.

Ndikhale chete? Angadziwe ndani? Funso la akatekisiti ndinayankha zoona, zoona za tsiku limenelo.

Koma mkwiyo, abale. Dzina anandisankhira. Sukulu anandisankhira. Mwamuna uja, mwana wa mkulu wa mpingo, anandisankhira nawo, zinathera pomwe zinathera. Ndimati ichi chokha n'changa, ndachipeza ndekha, ndachiyendera ndi mapazi anga. Kufika pamadzi, ndapeza Bambo anafikapo kale.

Ndawayang'ana akumwa tiyi, manja onse awiri pakapu. Manja amenewo eti.

Lamlungu, 16 Malichi

Ndauza Anesi kuseri kwa tchalitchi, pomwe amayanika zikolopa. Ndimayembekeza kuti adzidzimuka. Ayi ndithu. Ati zimenezo n'za masiku onse m'chipatala, iwo omwe anabatizapo makanda angapo, ena ndi madzi a m'sirinji. Mwana akatsala pang'ono kumwalira, aliyense angathe kubatiza, ngakhale wosakhala Mkatolika, bola madzi, mawu ake ndi cholinga. Ati ngati zinali choncho ndiye ndine Mkhristu kuyambira tsiku langa loyamba, ndisekere.

Kusekera chiyani? Ine ndikufuna madzi anga, ndiwamve akutsika m'khosi, maso anga akuona.

Ndati bwanji tingokhala chete tonse awiri. Andiyang'ana mmene amayang'anira wodwala wobisa mapiritsi pansi pa pilo. "Ndinakuikira umboni pamaso pa aepiskopi. Ukalowera pa bodza, dzanja langa silikhala paphewa pako." Basi. Anyamula chikwama, ati Lachitatu andiperekeza kwa ansembe.

Ndabwerera pansi njira yonse, mwadala, kuti mkwiyo uthere m'miyendo. Sunathe.

Lachitatu, 19 Malichi

Ofesi ya ansembe. Fani yolira, mipando iwiri yosiyana, mphaka pawindo. Ansembewo ndi aang'ono kwa ine, ndikhulupirira. Amvetsera osandidula. Kenaka ayala njira zitatu.

Bambo akati sanabatize, ankangoziziritsa mwana, ndibatizidwa ndi anzanga pa Pasaka, pamaso pa mpingo.

Akati anabatiza, ndipo mawu ndi cholinga zili bwino, madzi palibe. Ndidzangonena chikhulupiriro, andidzoza, ndilandira. Koma ndiyambe ndakalapa. Apa ndiye mutu unaima. Anzanga machimo awo apita ndi madzi osawatchula n'limodzi lomwe. Ine ndikagwade, ndiwatchule ndi pakamwa, a moyo wonse, kuyambira pomwe ndinayamba kudziwa kumanja ndi kumanzere. A Makaniko, amene amadzitama okha kuti anagulitsapo injini imodzi kwa anthu awiri, atuluka oyera mwaulere. Chilungamo chake n'chimenechi?

Yachitatu, zikapanda kudziwika: andibatiza mwakachetechete m'chipinda chovalira ansembe, anthu awiri atatu, ndi mawu oti ngati sunabatizidwe. Ubatizo wa mwina. Umenewo ndiye sindiufuna n'komwe.

Ati wothira madziyo poti ali moyo, ansembewo afunika amve kuchokera pakamwa pake. Angathe kubwera kunyumba. Ndaseka mosafuna. Wansembe pakhomo pa Bambo! Ndati ndiyambe ndayankhula nawo ndekha. Ati pakadali pano ndizipitiriza ndi anzanga, koma nthawi yathina.

Anesi andigulira fanta pobwerera. Sindinawayankhulitse.

Lamlungu, 23 Malichi

Lero osankhidwa atigwaditsa kutsogolo, kutipempherera, kutisanjika manja. Ndagwada nawo, koma ngati munthu wolowa pa ukwati wosaitanidwa. Uthenga wake wa madzi, nyimbo za madzi. Atichitira dala?

Masana ndameta Bambo ndevu pakhonde. Ndinakonza mawu bwinobwino. Thovu kumaso, lumo m'dzanja, khosi lawo lili pamtunda, mtsempha ukugunda. Ndati, Bambo. Ati, mm. Ndati, musagwedezeke.

Madzulo ndayesanso. Ndafunsa ngati ndinabadwa bwino. Ati unabadwa ngati anthu ena onse, ndipatse ndodo yanga.

Mantha anga sindikuwamvetsa. Mayi wamkulu ine, lendi ndimalipira ndine, munthuyo ndimamutsogolera ndine mpaka pakhomo la bafa. Koma akangotembenuzira nkhope kwa ine, ndabwerera pabenchi la kutsogolo, diresi la Lamlungu, miyendo yosafika pansi.

Lachinayi, 27 Malichi

Zaphulika.

Ndimachotsa mbale. Bambo ati ndikhale pansi. Ati korona yanga imalira m'thumba ndikamayenda, akhala akuimva kuyambira chaka chatha. Ati saluni iti imene munthu amapitako Lamlungu atavala nsapato za phwando, n'kubwerako akung'ung'udza nyimbo zopanda ng'oma. Chimene chawapweteka si Aroma ayi. Ndi kuwayesa chitsiru chifukwa maso anafa.

Ndapepesa za bodzalo. Za mpingo sindinapepese. Ndawauza kuti kumeneko ndinapezako mpumulo, sindibwerera. Ayamba ulaliki, mafano, Maria, owaza makanda. Pa makanda pomwepo pakamwa panga patseguka pokha. Ndati nanga inu, kapu ya Amayi ija?



Nkhope yawo sindinaionepo chomwecho, ngakhale pa maliro a Amayi. Apapasa ndodo, yagwa, ndafuna kutola, ati ndisiye. Atola okha. "Azakhali ako pakamwa padzawapha." Alowa kuchipinda, atseka.

Ndawauzira pachitseko zonse zimene ansembe ananena, njira zitatu zija, kuti yankho lili ndi iwo. Kaya amva. Mankhwala a madzulo ndawaika pampando pakhomo. M'mawa ndiona ngati amwa.

Lolemba, 31 Malichi

Mankhwala akumwa. Chakudya akudya pang'ono. Mawu ayi. Wailesi sakutsegula, ndiye nyumba yonse ngati muli maliro.

Ku ntchito ndawotcha kasitomala khutu ndi chipeso chamoto. Pang'ono pokha, koma kukuwa kwake! Madamu andikokera kuseri, ati ngati kupemphera kwangako kukundisokoneza mutu ndisankhe chimodzi.

Abusa atsopano aja anabwera Loweruka ndi akulu a mpingo awiri kudzafunsa nzeru, monga amachitira. Bambo anatuluka, jekete, kolala yowongoka, kuwalangiza ngati palibe chachitika. Ndikuwapatsa tiyi ndinamva mmodzi akuti abusa athuwa sanagwedezekepo pa chiphunzitso n'kamodzi komwe. Supuni inandigwa.

Zikamveka kuti anabatiza khanda, atsala ndi chiyani munthuyu? Maso alibe, guwa alibe, mkazi alibe. Dzina lokhalo.

Azakhali foni sakuyankha. Akudziwa chimene anayatsa.

Lachitatu, 2 Epulo

Kalasi ya lero inali yoyeserera. Akatekisiti ndi jagi yopanda madzi, aliyense kuwerama pa beseni, mboni kugwira phewa, tsitsi kumbuyo, amayi musadzabwere ndi mawigi. Kuseka kunalipo. A Makaniko ati iwo awathire ndowa yonse, jagi siikwana.

Itafika nthawi yanga akatekisiti akanda kumutu. Ati yeserani basi, sitikudziwa. Ndawerama. Jagi youma pamwamba pa mutu wanga, m'beseni nkhope yanga yopotoka. Ndadzuka msanga.

Mayi anasamutsidwira benchi lina uja anandikodola kuti ndikakhale naye. Ndinachita ngati sindinaone. Nkhanza zanga.

Atelala a mpingo akuyeza nsalu zoyera sabata ino. Sindinayezetse.

Lamlungu, 6 Epulo

Ayankhula.

Ndabwerako ku Misa, osabisanso, korona m'manja. Ndawapeza pakhonde, mpando wanga atautulutsa okha. Ndakhala.

"Ndinachita."

Atero basi, nkhope kumsewu. Ndadikira. Ati tsiku lomwe ndinakana kumizidwa ndili mtsikana, anapita kuchipinda kukathokoza Mulungu, chifukwa sakanadziwa poimika nkhope pondibatiza kachiwiri. Ati ulaliki wa makanda uja amaukhulupirira mpaka lero, sanasinthe, sadzasintha. Koma usiku umenewo sanali abusa.

Ndafunsa mawu amene ananena. Apukusa mutu. Ati zimenezo zisiye, imva izi. Madzi a Aromawo ndikuwafunadi? Ndati eya. Pamaso pa anthu, ndi anzanga? Eya. Ati ndiye nkhani ndi yaifupi. Azakhali aliyense amawadziwa kuti ndi a nkhani zopeka. Mnyamata wa mkanjoyo, wansembeyo, akawafunsa, adzati ankangoziziritsa mwana, ndipo adzawakhulupirira, poti ndani sadziwa zimene iwo amalalikira. Ine ndipeza madzi anga, iwo atsala ndi dzina lawo. "Sindinanamepo pamaso pa munthu wa Mulungu, ngakhale wosochera. Koma ukafuna, ndinama. Sankha iwe."

Moyo wanga wonse ndakhala ndikulira kuti andisiye ndisankhe ndekha. Lero andisiyira. Ndikanakonda akanandikalipira.

Lachiwiri, 8 Epulo

Masiku awiri mutu kuzungulira. Ndathira kasitomala shampu kawiri, sanadandaule, ati bola kuyera.

Bodzali n'lokoma mbali zonse. Palibe wovulala. Anesi sangadziwe, poti wonama si ine. Kulapa kwa moyo wonse kuja ndakuzemba. Nsalu yoyera, kandulo, a Makaniko pambali panga, madzi ozizira m'khosi. Ndikatseka maso ndikuziona. Ndikuzifuna mpaka mano kuwawa.

Ndayesa kupemphera, mawu akungogwa pansi. Ndayesa kudziopseza ndi tchimo, ndi moto, sizikundigwira. Ndisadzinamize, si kuopa Mulungu kumene kukundiletsa.

Ndi milomo ija. Azakhali anaiona ikugwedera. Munthu anaima pa kamwana kake kakufa, ulaliki wake wonse uli m'thumba, n'kunena kanthu. Akakana pamaso pa ansembe, sadzanenanso mpaka kufa, ndikuwadziwa. Ndidzakhala ndi madzi, koma chimene chinanenedwa pamutu panga sindidzachimva.

Ndawauza pa chakudya cha madzulo kuti tikanena zoona. Ndati ndikudziwa kuti zikhoza kumveka, azakhali ndi azakhali. Atafuna chakudya chawo nthawi yaitali. Ati wansembeyo asabwere pakhomo pano, anthu angaone. Apita okha. Ndiwapolishire nsapato.

Lachisanu, 11 Epulo

Tapita.

Jekete la paguwa, tayi, ndodo. Pageti la parishi aima, apuma mozama ngati wolowa m'madzi ozizira. Dzanja lawo pamkono panga, zala kukanikiza. Anesi anali pabenchi panja, awapatsa moni wa ulemu, abusa. Ayankha bwino.

Ansembe atuluka kudzawalandira, awapatsa mpando wabwino uja, iwo akhala pa wolimba. Bambo ayamba n'kuwauza kuti sawatcha bambo, poti wansembeyo ndi mwana, ndipo alibe mwana. Ansembe aseka, ati achimwene zikwana. 

Mafunso atatu okha. Madzi? Ati a pampopi, m'kapu ya mayi ake, anathira katatu, pang'onopang'ono kuopa kumutsamwitsa. Mawu? Ndimati angoyankha mwachidule. Ayi. Awongola msana, anena onse mmene anawanenera, kuyambira dzina langa, lonse, la pakhomo lija limene palibe amanditchula nalo chimwalirire Amayi, mpaka Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Osati mawu a paguwa. Otsika, onjenjemera, oti asadzutse wodwala wa bedi linalo. Dzanja lamanja linakwera lokha pang'ono, lopanda kanthu.

Ansembe afunsa lomaliza: pochita zimenezo ankafuna chiyani, kubatiza kapena kungodalitsa? Bambo ayankha:

"Kubatiza. Ndinkaopa kuti akafika uko, kamwana kotere, kosatha kuyankhula, adzamufunsa kuti ndiwe wa yani."

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ansembe anafunafuna cholembera chimene chinali m'manja mwawo momwemo. Kenaka ati ubatizo umenewo ndi woona, mpingo ukuulandira, palibe angaubwereze. Madzi sindithiridwa. Kulapa Lachiwiri. Lamlungu ndikakhala pa benchi lija, ndi mayi uja, ndiyambe ndamupepesa.

Pobwerera, tafika pokwerera basi. Ndalimba mtima ndawafunsa ngati adzabwere pa Pasaka kudzakhala nawo pondilandira. Ati ayi, ndisawayembekeze, m'tchalitchi cha Aroma salowa, lero n'lomwe alekezera.

Ndati ndiye ndidzakhala wopanda wachibale, anzanga onse ali ndi awo.

"Gawo langa ndinachita kale. Iwo akungomalizitsa."

Basi itafika ndawakweza, ndawapezera mpando wa pawindo ngakhale saona. Njira yonse sanachotse dzanja pamkono panga.

Ndakhala pano kudikira kuti mtima uwawe chifukwa cha madzi aja. Ndadikira ndithu. Sukuwawa.